Ndinatuma Mwana, Yankho Lake Sindinalimvere

Pampu yopsera pansi pa nthaka sioneka ngati yapsa. Anyamata awiri ataikoka m'borehole ya mayi wina wa ku Chelstone, kumapeto kwa September 2024, chitsulo chake chinali chonyezimirabe ngati chogula dzulo. Mmisiri atamasula kumutu kwake m'pamene tinaona zoona: timapiko tapulasitiki tokankha madzi tinali titasungunuka n'kumatirirana ngati phula, ndipo fungo la waya wopserera linatilowa m'mphuno tonse. Paipi yakuda inali itagona pabwalo lonse, kuzungulira khola la nkhuku mpaka kukafika pageti. Mayiwo anaima pakhonde, manja ali kumbuyo, maso ali pa kabokosi koyera kamene tinawakhomera pakhoma chaka chinacho.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "si paja munati kabokosi aka kadzazimitsa pampu madzi akatha? Malaiti atabwera usiku ndinadzuka kukaona. Kanyale kake kanali kobiriwira, ine n'kubwerera kukagona."

Ndinangoti kakasi. Zimene zinali m'kati mwa kabokosiko ndinalemba ndine, ndi manja angawa.

Ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu oyendetsa makina. Nthawi imeneyo ndinali pa kakampani ka anthu asanu, m'chipinda cham'mwamba pafupi ndi Cairo Road ku Lusaka. Aliyense amene wayendapo ku Woodlands, ku Kabulonga kapena ku Chelstone akudziwa kuti ukaponya maso pamwamba pa mpanda, chimene umayamba kuona ndi thanki itakwezedwa pa nsanja yachitsulo. Madzi a m'mipope safika paliponse nthawi zonse, choncho amene angathe amabowola chitsime chakechake. Pampu ya m'borehole imakhala yomira, ndipo madzi amene ikukankhawo ndi omwenso amaiziziritsa. Akatsika n'kuisiya pouma, imazungulirabe chimodzimodzi, ikutentha, mpaka kudzidya yokha. Koma isanafe imapereka chizindikiro: pampu yopanda madzi imakoka magetsi ochepa, poti palibe katundu amene ikunyamula. Kabokosi kathu kanali kakompyuta kakang'ono koyendera Linux, kokhala ndi kachipangizo koyeza magetsi amene pampu ikukoka. Akatsika kupitirira mlingo umene tinaika, kankadula. Ntchito yake yeniyeni inali imeneyo. Zoyatsa ndi kuzimitsa pa foni zinali zokometsera malonda chabe.

Gawo langa linali driver, kachigawo ka pulogalamu kamene kamakhala m'kernel, mumtima mwenimweni mwa Linux, n'kumalankhula ndi zitsulo mwachindunji. Pamwamba pake pamakhala mapulogalamu ambiri, koma wogwira swichi ndi driver. Ukalakwitsa pamwambapo, pulogalamu imagwa n'kudzukanso, munthu n'kungodandaula pang'ono. Ukalakwitsa m'driver, mota imazungulira pa nthawi imene inayenera kuima.

M'chiyankhulo cha C, chimene ma driver ambiri a Linux amalembedwamo, ntchito zambiri umachita potuma. Umaitana function, kantchito kolembedwa kale ndi anthu ena, n'kukapatsa chochita. Kakamaliza kamabweza yankho. Kwathu ku Katete ukatuma mwana kukabwereka sefa kwa anansi, suyamba kukhuthula ufa usanamve ngati wabwera nayo. Mwanayo akhoza kunena kuti wapeza kulibe anthu, kapena kuti eniake akusefera. Koma C sakukakamiza kumvetsera. Ukhoza kutuma, mwana n'kubwera chimanjamanja, iwe n'kukhuthulira ufa padothi, chiyankhulocho chili duu.

Mwana amene ndinamutuma ine dzina lake ndi kstrtoint. Ntchito yake ndi yophweka. Umampatsa zilembo, tinene 3200, iye n'kuzisandutsa nambala yoti makina awerengere. Zikayenda bwino amabweza 0. Ukampatsa zosakhala nambala amabweza -22, imene m'Linux amaitcha EINVAL, ndipo malo amene unafuna kuti aikepo nambalayo amawasiya osawakhudza. Kabokosi kathu kakangoyaka, kapulogalamu kena kankawerenga mlingo wa pampu m'fayilo n'kuupereka kwa driver wanga, iye n'kuudutsitsa mwa kstrtoint.

Usiku wina mu 2023, ndili ndekha mu ofesi, minibasi zomaliza zikuliza hutala kunja, ndinapereka zimene ndinalemba kwa compiler, pulogalamu imene imasandutsa zolemba za munthu kukhala malamulo omveka kwa makina. Tinkagwiritsa ntchito GCC. Pakati pa mizere yoyera panatulukira liwu lofiirira, ndipo uthenga wake unali wakuti: ignoring return value of 'kstrtoint' declared with attribute 'warn_unused_result'. Tanthauzo lake: wamtuma mwanayu, wabwera ndi yankho, iwe sunalimvere, chikhalirecho amene anamulera ananeneratu kuti yankho lake lisamatayidwe.

Chenjezo limeneli silibwera mwangozi. Kuyambira GCC 3.4, ya mu 2004, wolemba function angathe kuiika chizindikiro chakuti yankho lake liyenera kuonedwa. M'kernel ya Linux chizindikirocho amachilemba kuti __must_check, ndipo sachimwaza paliponse. Chili pa kstrtoint. Chili pa copy_from_user ndi copy_to_user, amene amawolotsa uthenga pakati pa kernel ndi mapulogalamu a pamwamba. Chili pa request_irq, pa pci_enable_device, pa regulator_enable. Amenewa ndi malo amene akuluakulu a kernel anaona kuti pali dzenje, n'kuzikapo kamtengo kuti wobwera m'mbuyo aone.

Ine ndinkafuna kupita kunyumba. Ndinaika liwu lakuti void kutsogolo kwa mzerewo, njira yakale youzira compiler kuti yankholi ndataya dala. Clang, compiler wina wotchuka, amavomera zimenezo. GCC savomera, chenjezo linabweranso momwemo. Anthu akhala akutsutsana ndi olemba GCC pa khalidwe limeneli kwa zaka zambiri, koma usiku umenewo GCC anali kumbali ya mayi wa ku Chelstone amene ndinali ndisanawaone n'komwe. Ndiye ndinachita kachinyengo kamene aliyense wa ntchito yathu amakadziwa. Ndinapanga kamalo kotchedwa ret, n'kuponyamo yankho lija, osadzaliyang'ananso. Compiler anaona kuti yankho lalandiridwa, anakhala chete. Pamalo oikapo mlingo ndinali nditayambira ndi 0, mwachizolowezi chabe. Ndinatseka ofesi n'kuthamangira basi ya ku Kabwata, mtima uli m'malo.

Kumayambiriro kwa 2024 kunabwera mtsikana wophunzira uinjiniya ku yunivesite ya UNZA kudzazolowera ntchito. Anali wodekha, wokonda kuwerenga chilichonse chotuluka pa sikirini. Tsiku lina anamanga driver wanga atawonjezera W=1, kalamulo kamene kamatsegula machenjezo ena amene kernel imawatseka masiku onse. Limodzi mwa amenewo limaulula malo amene aikidwamo kanthu koma osawerengedwa. Kachinyengo kanga kanali poyera.

"Ba injiniya," anandiitana mwachi Lusaka, "apa ret mwaikamo yankho koma simunaliyang'ane. Nanga kstrtoint akakana?"

"Akana bwanji, mlongo wanga? Nambala timalemba ndife tomwe m'fayilo. Palibe wakunja amene amaikhudza."

Anayang'ana sikirini kanthawi, kenako anati, "Chabwino," n'kupitiriza zina. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinatsinidwa kawiri, koyamba ndi makina, kachiwiri ndi munthu, ndipo kawiri konse ndinangopukusa mutu.

Yankho limene ndinampatsalo ndikufuna mnzanga aliyense wa ntchitoyi aliyang'anitsitse, chifukwa limamveka ngati nzeru. Ndinkaganiza kuti chinthu chimalephera pokhapokha pakhale munthu wolakwitsa kapena wachiwembu. Ndinaiwala kuti pakati pa dzanja langa lolemba nambala ndi driver woiwerenga pali memori khadi, pali waya, pali magetsi. Mu ofesi tinali ndi mabatire ndi inverter. Kabokosi ka pa desiki yanga sikanazimepo mwadzidzidzi ngakhale kamodzi. Ndinayesera pulogalamu yanga m'dziko limene magetsi sathima, n'kuitumiza kukakhala pakhoma ku Chelstone.

Mvula ya chaka chimenecho inakana. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku damu la Kariba anatsika, ndipo pa 11 March kampani yamagetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 patsiku. Maolawo anakwerakwera mpaka mu September anafika 21. Mwa makina 6 opukusa magetsi kutsidya la Zambia la damulo, amodzi okha ndi amene anatsala akugwira ntchito. Ku Kabwata tinazolowera kugona khutu lili tcheru, kudikira kulira kwa furiji kuti tidzuke kusita ndi kutchaja mafoni. Chilala chomwecho chinatsitsanso madzi a pansi. Zitsime zimene kale zinkapopa tsiku lonse zinayamba kuuma pampu ikangoyenda kanthawi, n'kufuna kupumula kuti zidzazenso. Ndipo poti magetsi ankabwera maola ochepa, aliyense ankafuna kuti pampu ipope nthawi yonseyo osaima. Imeneyi ndiyo inali nyengo imene kabokosi kathu kanapangidwira.

Pofuna kuthandiza makasitomala, tinawonjezera njira yoti munthu azisintha pa foni maola oyatsira pampu potsata ndandanda ya magetsi. Akasintha, kabokosi kankalembanso fayilo ija yonse, mmene munalinso mlingo wa pampu. Kalembedwe kake kanali kofufuta zakale kaye, kenako kuika zatsopano. Tsono Linux salemba pa khadi nthawi yomweyo. Amayamba wasunga m'mutu kwa masekondi angapo. Magetsi akathima m'kati mwa masekondi amenewo, fayilo ikhoza kutsala ndi dzina lokha, m'kati muli mbee. M'chaka chabwino zoterezi zikadakhala zosowa kwambiri. Mu 2024 ndandanda inkasinthasintha, anthu ankagwira mafoni awo pa maola okhawo amene kabokosi kali moyo, ndipo magetsi ankachoka osatsazika.

Pampu yoyamba inapsa ku Kabulonga, pa nyumba ya kapinga ndi dziwe losambira. Tinati inali yakale. Mwini nyumba sanataye nthawi, anagula ina. Pampu yatsopano imafuna mlingo watsopano, ndiye tinaulemba, ndipo potero tinafufuta umboni ndi manja athu osadziwa.

Yachiwiri inapsa ku Woodlands, ndipo kumeneko n'kumene ndinachimwa kwambiri. Amene anaika pampuyo anali bambo wina wachikulire, mmisiri wa mapaipi amene anatibweretsera makasitomala ambiri. Mwini nyumba atayamba kukalipa, ine ndinanena pamaso pa onse kuti mwina pampu anaipachika pamwamba kwambiri, kapena waya analumikiza molakwika. Ndinalibe umboni. Ndinali ndi laputopu m'khwapa pakati pa anthu ogwira sipanala, ndipo mawu anga analemera chifukwa cha chimenecho. Bambowo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Mphwanga, mapampu ndaika zaka zambiri. Iyi ndinaiika bwino."

Palibe anawamvera. Mwini nyumba anawachotsa ntchito, n'kuuzanso anansi ake kuti asamawaitane.

Ku Chelstone kunalibe womukankhira mlandu, chifukwa pampu inali ya chaka chimodzi ndipo poiika ndinalipo ndekha. Mayi aja anali amasiye. Kuseri kwa nyumba yawo kunali zipinda zinayi za lendi, khola la nkhuku, ndi kadimba ka repu ndi chibwabwa. Mabanja ena oyandikana nawo ankatunga pa mpopi wawo. Mzinda unali utangotuluka kumene mu kolera amene anayamba mu October 2023 n'kupha anthu mazanamazana, mpaka National Heroes Stadium inasandutsidwa malo ogonekamo odwala. Madzi a chitsime chosadziwika aliyense ankawaopa. Tili pabwalo pomwepo, mdzukulu wawo analowa pageti akukankha wilibala ya zigubu zachikasu, thukuta lili kamukamu, yunifolomu ya sukulu ikadali m'thupi. Anadumphitsa wilibalayo pa paipi yogona ija, madzi ena n'kutayika, agogo ake n'kumuuza kuti ayambe wamwetsa nkhuku.

Tsiku limenelo ndinakana kuti wina aliyense akhudze kabokosi. Ndinakamasula ndekha pakhoma, ndinakakulunga m'jekete, n'kukakwera nako minibasi pa thanki ya Chelstone.

Magetsi anabwera cha m'ma 1 koloko usiku. Nyumba zonse za mumzere wathu zinadzuka nthawi imodzi, mawailesi, nsimbi, mapoto. Ine ndinalumikiza kabokosi ku laputopu patebulo lodyera n'kufunsa driver kuti mlingo wake ndi wotani. Anayankha kuti 0. Ndinayang'ana fayilo ija. Dzina linalipo, kukula kwake 0.

Sindinafunikire kufufuza zambiri, njira yonse ndinaiona nthawi imodzi. Kabokosi kakayaka, kapulogalamu kaja kankatenga fayilo yopanda kanthu n'kupereka kwa driver mzere wopanda kanthu. Mwana wanga kstrtoint ankakana, n'kubweza -22 wake mokhulupirika. Yankholo linkagwera mu ret, mmene munalibe wolisuzumira. Mlingo unkatsala pa 0 uja wachizolowezi, ndipo driver ankauza pulogalamu ya pamwamba kuti zonse zalandiridwa bwino. Lamulo la kabokosi linasanduka lakuti, dula pampu magetsi ake akatsika kupitirira ziro. Pampu yozungulira singakoke magetsi ochepera ziro. Choncho madzi anatha, timapiko tinayamba kusungunuka, kanyale kali kobiriwira, mayi aja n'kubwerera kukagona.

Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti nkhani yamtunduwu ndinkaidziwa, ndinkaifotokozeranso ena. Mu 2010 katswiri wa chitetezo cha makompyuta, Sebastian Krahmer, anaonetsa chibowo m'mafoni a Android chimene chinatchuka ndi dzina lakuti RageAgainstTheCage. M'foni muli pulogalamu yotchedwa adbd, imene inkayamba ili ndi mphamvu zonse za root, kenako n'kuitana setuid kuti itule mphamvuzo pansi. Yankho la setuid silinkayang'anidwa, ngati kuti kutula mphamvu sikungakanike. Krahmer anapeza njira yokukanikitsa: kudzaza foni ndi timapulogalamu tambirimbiri mpaka malire a chiwerengero chake atakwana. Zikatero setuid ankakana, adbd n'kupitiriza ulendo ili ndi mphamvu zonse m'manja. Mu March 2011 Google inachotsa pa Android Market mapulogalamu oposa 50 okhala ndi kachilombo ka DroidDream, ndipo imodzi mwa njira zake zolowera inali chibowo chomwechi. Mapulogalamu osamvera yankho la setuid anali ochuluka moti mu Linux 3.1, chaka chomwecho, olemba kernel anasintha khalidwe lake kuti asamakanenso pa chifukwa chimenechi. Pa mndandanda wa zofooka za mapulogalamu umene bungwe la MITRE limasunga, cholakwachi chili ndi nambala yakeyake, CWE-252. Zonsezi zinali m'mutu mwanga pamene ndinkafunsa mtsikana uja kuti, akana bwanji? Ndinkaziona ngati nkhani ya akuba a pa intaneti ndi makampani akuluakulu akunja. Sindinaganize kuti ntchito imene Krahmer anaichita dala, kuno magetsi othimathima angaichite okha.

Pali chifukwa china chimene machenjezo amafera osawerengedwa, ndipo sindikuchinena podzichotsera mlandu. Kernel imene inabwera ndi bolodi ya kabokosi kathu kuchokera kwa opanga inkalavula machenjezo ochuluka ikamamangidwa, mwakuti diso linazolowera kufiirira n'kusiya kuona. Vutoli ngakhale Linus Torvalds linamutopetsa. Mu September 2021, pokonza Linux 5.15, anaika lamulo lakuti chenjezo lililonse liziimitsa ntchito yonse ngati cholakwa, chimene chimatchedwa -Werror. Anthu anadandaula, ndipo patangopita masiku ochepa lamulolo linafewetsedwa. Pa kernel yonse ya mizere mamiliyoni n'zovutadi. Pa driver wamng'ono ngati wanga palibe chovuta, ndipo lero timamumanga ndi -Werror ndi W=1 nthawi zonse. Komabe ndiyenera kunena chilungamo: -Werror payekha sakadandipulumutsa. Akadangondikankhira msanga ku kachinyengo komwe kaja. Chenjezo losiyidwa pa sikirini limakhala ndi mwayi woti wina adzaliwerenge. Langa ndinalipha, ndipo kwa chaka chathunthu aliyense womanga driver wanga popanda W=1 ankaona sikirini yoyera n'kukhulupirira kuti zonse zili bwino.

M'mawa mwake ndinaulula zonse kwa anzanga ku ofesi. Kukonza kunatitengera sabata yathunthu, ngakhale mizere yosintha inali yochepa. Kuyang'ana yankho ndi mzere umodzi: ngati ret si 0, bweza ret, usasinthe kanthu. Chotenga nthawi ndi funso lotsatira, lakuti mwana akabwera chimanjamanja tichita chiyani. Compiler sangakuyankhire limenelo. Iye amangodziwa kuti yankho lalandiridwa. Sadziwa kuti pansi pa nthaka pali pampu. Tikadangobweza cholakwacho n'kusiya pomwepo, driver akadadzukabe wopanda mlingo woona, pampu n'kuyakabe. Choncho tinamuphunzitsa kukana mlingo wa 0 ndi nambala ina iliyonse yosagwirizana ndi pampu yeniyeni, ngakhale italembedwa bwino. Tinamuphunzitsa kuti akadzuka wopanda mlingo wodalirika asayatse pampu, ayatse kanyale kofiira. Kapulogalamu kopereka mlingo kaja nakonso tinakapeza kuti sikankamvera yankho la driver, ndipo pulogalamu yolemba fayilo sinkamvera yankho la khadi. Anthu atatu pamzere umodzi, aliyense akutuma mnzake osadikira mawu. Fayilo tsopano timalemba yatsopano pambali, n'kuitana fsync kuti ifikedi pa khadi, kenako rename kuti ilowe m'malo mwa yakale, ndipo pa sitepe iliyonse timamva yankho.

Titawerenga driver yense mzere ndi mzere, tinapeza malo ena awiri amene ndinachitapo kachinyengo komweko. Amodzi anali pa copy_from_user. Ameneyu yankho lake ndi chiwerengero cha ma byte amene walephera kuwolotsa, ndipo malo otsalawo amawadzaza ndi ziro. Ziro yemwe uja anali kutidikira pakhomo lina.

Sikuti yankho lililonse m'kernel liyenera kuimitsa ntchito. Greg Kroah-Hartman, mmodzi wa akuluakulu osamalira Linux, wakhala akulimbikitsa kuti ma driver asamadere nkhawa mayankho a ma function opanga mafayilo a debugfs, chifukwa mafayilo amenewo ndi othandizira kufufuza zolakwika chabe, ndipo driver ayenera kugwira ntchito ngakhale atapanda kupangika. Kumeneko ndi kutaya yankho utaganiza. Ifenso tili ndi malo amodzi otero, ndipo pamwamba pake pali ndemanga ya mizere itatu yofotokoza chimene chingachitike akakana ndi chifukwa chake sichiopsa. Ndaona kuti ndikalephera kulemba ndemanga yoteroyo, ndiye kuti sindinaganize, ndangotopa.

Pa kanyale kofiira tinakangana. Akulu athu pa ntchito anati, banja lili ndi magetsi maola atatu okha, ndiye kabokosi kakane kupopa chifukwa cha fayilo? Mafoni odandaula adzatithera mtendere. Ankanena zoona, ndipo mafoniwo anabweradi, ena pakati pausiku. Tinagwirizana kuti kabokosi kakakana kazitumiza uthenga kwa mwini nyumba ndi kwa ife nthawi yomweyo, ndipo tinaika swichi yapamanja yoti munthu ayatse yekha ataima pomwepo, khutu lili ku paipi. Nambala yolandira madandaulo ndinapempha kuti ikhale yanga.

Masabata awiri a October, dzuwa likuswa mtengo, ndinazungulira nyumba zonse zimene zinali ndi kabokosi kathu. Pa nyumba zina ziwiri ndinapeza fayilo ili mbee, mlingo uli pa 0, kanyale kali kobiriwira. Zitsime zawo zinali zisanaume, basi. Eniake anandilandira ndi madzi ozizira akumwa osadziwa chimene ndapeza, ndipo ndinawauza. Mtsikana uja anali atabwerera ku sukulu. Ndinamuimbira foni n'kumufotokozera zonse kuyambira pa fayilo mpaka pa timapiko tosungunuka. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati ndayang'ananso pa copy_from_user. Anali atawaona malo amenewonso, koma nditamuyankha monga ndinamuyankhira tsiku lija, sanaonenso chifukwa chowatchulira.

Pampu ya mayi a ku Chelstone kampani inagula, ndipo gawo lina linachoka pa malipiro anga kwa miyezi ingapo. Chovuta chinali kupita kwa bambo aja. Ndinawapeza ku Kamwala, pakhomo pa sitolo ya mapaipi, akudikira ganyu. Ndinawapatsa moni, ndinakhala pansi pambali pawo, n'kuwauza kuti pampu ya ku Woodlands anaiika bwino, wolakwa ndinali ine. Ndinawapempha kuti tipite limodzi ndikanene mawu omwewo pamaso pa mwini nyumba. Tinapita. Mwini nyumbayo anamva, anapepesa, koma anali atapeza kale mmisiri wina. Potuluka pageti bambowo anavala chipewa chawo n'kunena kuti, "Wachita bwino kubwera, mphwanga. Koma anansi aja anauzidwa kale, ndipo iwe sungafike pa geti lililonse."

Pampu yatsopano ya ku Chelstone anaika ndi iwowo. Anaitsitsa pang'onopang'ono, akumanga waya ku paipi ndi tepi pa mkono uliwonse, anyamata awiri akugwira chingwe. Tinadikira magetsi mpaka madzulo, titakhala pa mipando ya pulasitiki pakhonde, mayi aja atatiphikira nsima ya ndiwo za chibwabwa chogula kumsika, poti cha m'dimba mwawo chinali chitauma. Babu la pakhonde litayaka ndinanyamuka kuti ndikayatse pampu, koma bambowo anandigwira mkono.

"Yamba wandionetsa nambala ija."

Ndinatsegula laputopu n'kufunsa driver. Anavala magalasi awo, anawerama, anaiwerenga mokweza manambala onse anayi, n'kuiyerekeza ndi zolembedwa pa katoni ya pampu. Kenako anapita pa thanki, anagunditsa khutu pa paipi, n'kundikodola ndi dzanja kuti ndiyatse.